Funsani Amalume: Za opanga magemu ndi mapulogalamu ali okha kuchipinda

Mwezi uno makalata anu ambiri akuzungulira nkhani imodzi ngati munachita kupangana. Wina waonera vidiyo ya mnyamata amene anapanga gemu ali yekha kuchipinda n'kulemera, ndipo tulo tamuthawa. Ndasankhapo makalata 6. Amene munafunsa za mafoni otentha pochaja, pepani, mudikire mwezi wamawa.

Amalume, ndili ndi zaka 24 ndipo ndimagwira ntchito yolowetsa manambala mu kompyuta pa ofesi ina. Ntchitoyi yandikwana. Ndinawerenga za Eric Barone amene anapanga gemu ya ulimi ya Stardew Valley yekhayekha, ndipo nanenso ndili ndi gemu m'mutumu imene ndikukhulupirira kuti anthu adzaikonda. Ndasunga ndalama zondikwanira miyezi 6. Kodi ndisiye ntchito? — Wotopa ndi Ofesi

Mphwanga, usasiye. Ndayamba ndi yankho kuti ngati abwana ali pafupi uwerenge mawu amenewo basi n'kubwerera ku manambala ako. Koma popeza wamutchula Barone, tiye timuone bwinobwino, chifukwa nkhani yake anthu amaidula mutu ndi miyendo n'kusiya pokhapo pali ndalama.

Barone anamaliza maphunziro a zamakompyuta mu 2011 ku University of Washington Tacoma, ku America. Anafunsira ntchito m'makampani, osamutenga. Gemuyo anaiyamba ngati ponolera luso kuti mwina akadzafunsiranso adzamutenge, ndipo ankaiyesa ntchito ya miyezi yowerengeka. Inamudyera zaka zinayi ndi theka, n'kutuluka pa 26 February 2016. Zaka zonsezo ankakhala pa kompyuta maola pafupifupi 10 patsiku, Lamlungu lomwe, kulemba code (malangizo amene kompyuta imatsatira) m'chilankhulo cha C#, kujambula kamtengo kalikonse ndi kankhuku kalikonse, kupeka nyimbo, kulemba mawu onse amene anthu a m'gemumo amayankhula. Nkhope za anthuwo anazijambula, kuzifufuta, kuzijambulanso kangapo konse, chifukwa dzanja likamakhwima, zimene unajambula chaka chatha zimayamba kukuchititsa manyazi. Itatuluka, makope opitirira 1 miliyoni anagulidwa m'miyezi iwiri, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 anali atapitirira 41 miliyoni.

Tsono pali funso limene mavidiyo aja safunsa. Zaka zinayi ndi thekazo, lendi ankalipira ndani? Iye ankagwira ganyu yolondolera anthu pamipando mu holo ya zisudzo ya Paramount ku Seattle, ndipo mbali yaikulu ya ndalama za pakhomo inkachokera kwa chibwenzi chake chimene chinali pantchito. Ntchito yofalitsa gemuyo poyamba inasenzedwa ndi kampani ya Chucklefish ya ku London. Ndiye tikamati "yekha" tikunena za manja amene anagwira kiyibodi. Dengalo sanasenze ndi mutu umodzi. Iwe m'kalata yako sunatchule aliyense amene adzakugwirire mbali inayo ikadzatha miyezi 6.

Ukafufuza ena amene amatchulidwa limodzi ndi Barone, upeza kuti ambiri sanasiye ntchito poyamba. Daisuke Amaya wa ku Japan anapanga Cave Story kwa zaka zisanu pa nthawi yake yopuma, n'kuigawa ulere mu 2004. Thomas Happ anapanga Axiom Verge madzulo ndi kumapeto kwa sabata kwa zaka pafupifupi zisanu, masana akugwira ntchito pa kampani ina ya magemu. Markus Persson wa ku Sweden atatulutsa Minecraft koyamba mu May 2009 anali adakali pantchito, ndipo anasiya ataona kuti ogula akubweradi. Munthu wa ku Canada wodzitcha LocalThunk, amene anapanga Balatro ya mu February 2024, anali atakhala zaka zambiri akupanga timagemu toseweretsa anzake okha, palibe amene ankatidziwa. Lucas Pope anapanga Papers, Please ya mu 2013 m'miyezi yosakwana chaka, eya, koma anali atakhwimira kale ku kampani yaikulu ya Naughty Dog. Amenewa ndi amene timawamva. Pa Steam, msika waukulu wa magemu a pa kompyuta, mu 2024 mokha munatuluka magemu opitirira 18,000. Ukagawa ndi masiku a pachaka, ndi magemu pafupifupi 50 tsiku lililonse. Ochuluka mwa amenewa sabweza ngakhale ndalama ya magetsi amene laputopu inadya, ndipo eni ake palibe amene amawajambula vidiyo.

Ine ndikuyankhula ngati mmodzi wa osajambulidwawo. Ndili msinkhu wakowo ndinayamba gemu yaikulu, ya mizinda isanu ndi nkhondo ndi malonda. Zaka ziwiri zinatha ndikungokonza mmene munthu wanga amayendera ndi mmene udzu umagwedezekera. Udzuwo unkagwedezeka mokongola, ndisaname. Koma panalibe choti munthu asewere. Imene ndinamaliza ndi ina, yaing'onong'ono, ya kamunthu kothamanga ndi ndowa kuwakha madzi odontha padenga. Inanditengera ma weekend atatu. Ogula ake sakanadzaza basi imodzi. Komabe m'ma weekend atatuwo ndinaphunzira zimene zaka ziwiri zija zinandibisira: kupanga menyu, kusunga pamene wosewera walekezera, kukonza gemu ikamakana kutseguka pa kompyuta ya munthu wina pamene pa yanga ikuyenda bwinobwino, kulemba tsamba logulitsira, kuyankha munthu wolusa amene wataya mapointi ake. Ntchito yeniyeni ili kumapetoko, ndipo amene sanamalizepo gemu sadziwa kuti kumapetoko kulipo.

Ndiye chita izi. Gemu ya m'mutu mwakoyo uilembe m'kope, uitseke m'dirowa. Lowa nawo mpikisano wa Ludum Dare, umene unayamba mu 2002, momwe munthu amapanga gemu yathunthu m'maola 48, kapena Global Game Jam ya mu January. Imene wapangayo uiike pa itch.io, tsamba la pa intaneti loikapo magemu, pamene salipiritsa kanthu poika. Uchite zimenezi katatu kapena kanayi, ntchito ili m'manja. Ndalama za miyezi 6 zija zisakhudzidwe. Tsiku limene anthu osakudziwa, osati anzako ndi azisuwani, adzayambe kukulembera kufunsa kuti gawo lotsatira lituluka liti, udzandilemberenso. Pamenepo tidzakambirana za kalata yotsanzikira abwana.

Amalume, ine ndine mayi wa mnyamata wa zaka 15. Akaweruka kusukulu amangokhala pa kompyuta mpaka usiku. Ndikamudzudzula amati sakusewera, akupanga gemu. Ine sinditha kusiyanitsa. Kodi akundipusitsa? — Kholo Lodandaula

Mayi, kusiyanitsa n'kosavuta, ndipo sikufuna kuti mudziwe za makompyuta. Mukhale pambali pake n'kumuuza kuti, "Ndionetse imene wapanga, ndisewereko." Wosewera chabe adzayamba kuzemba. Wopangadi adzawala m'maso ndipo mudzavutika kumutontholetsa. Akakuonetsani, mumuuze kuti kamunthu kakeko kazidumpha kwambiri kuposa pano, kapena kuti kumwambako kukhale kofiira. Ngati ndi ntchito ya manja ake, adzatsegula tsamba lodzaza zilembo ndi manambala, adzasintha nambala imodzi kapena ziwiri, ndipo mudzaona kamunthu kaja kakudumpha mpaka kudenga. Mukaona zimenezo dziwani kuti sakunama.

Ngati akupangadi, akuphunzira zinthu zimene kusukulu amazikana akazipeza pa bolodi. Kuti mpira ugwe ngati mpira weniweni pamafunika masamu a liwiro ndi kulemera. Kuti mdani amuthamangitse pamafunika ma angle aja amadana nawo m'kalasi. Amaphunziranso kupirira, chifukwa kadontho kamodzi kakaikidwa polakwika pulogalamu yonse imaima, ndipo amafufuza maola awiri. Ambiri anayamba chonchi. Mnyamata wodzitcha Zeekerss, amene gemu yake Lethal Company inagulidwa kwambiri kumapeto kwa 2023, anayambira pa Roblox, pamene osewera amapanga magemu awoawo, ali wamng'ono. Linus Torvalds anali mwana wa sukulu ya ukachenjede wa zaka 21 ku Helsinki pamene anayamba Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, mu 1991, ndipo lero foni iliyonse ya Android imayendera pa maziko amenewo.

Izi sizikutanthauza kuti agone 2 koloko m'mawa. Tulo ndi homuweki sizikambirana. Mupangane naye ola lozimitsira kompyuta, ndipo mulisunge inuyo, chifukwa iye sangalisunge. Ine ndili ndi imvi koma mpaka pano ndimadziuza kuti "ndingokonza kamodzi aka" n'kudzidzimuka kunja kukuyera. Chinanso, muzidziwa amene amacheza nawo pa intaneti pa nkhani ya magemuyi. Wina akamulonjeza ndalama kuti atumize ntchito yake kapena zithunzi zake, nkhaniyo ifike kwa inu kaye.

Amalume, laputopu yanga ndi yakale, ndipo sinditha kujambula ngakhale nkhuku. Anzanga akuti popanda kompyuta yamphamvu ndi Unreal Engine ndingotaya nthawi. Ndiyambire pati? — Wa Laputopu Yokalamba

Mphwanga, anzakowo anamalizapo gemu? Uwafunse mwaulemu.

Alexey Pajitnov anapanga Tetris mu 1984 ku Moscow pa kompyuta yotchedwa Electronika 60, imene sinkatha kuonetsa zithunzi. Timabokosi tija ankatipanga ndi zizindikiro za pa kiyibodi. Laputopu yakoyo, ngakhale ikulira ngati chigayo, ikuposa makina amenewo kutalitali. Undertale ya Toby Fox, ya mu 2015, inapangidwa ndi chida chopangira magemu chotchedwa GameMaker. Balatro inapangidwa ndi kachida kaulere kotchedwa LÖVE, m'chilankhulo cha Lua. Vampire Survivors ya Luca Galante inayambira pa Phaser, chida chopangira magemu a pa browser, ndipo mu 2023 inalandira mphoto ya ku Britain ya BAFTA ya gemu yopambana, kuposa magemu a makampani a antchito mazanamazana. Unreal ndi injini yabwino (injini ndi pulogalamu yopangira magemu), koma inapangidwira magemu akuluakulu a 3D, ndipo laputopu yakoyo idzatentha usanaike ndi mwala umodzi womwe.

Ine ndimalozera oyamba kumene ku injini ya Godot. Inayambidwa ndi anthu awiri a ku Argentina, Juan Linietsky ndi Ariel Manzur, ndipo code yake inatsegulidwa kwa aliyense mu 2014. Ndi yaulere, ndi yopepuka, ndipo ngakhale gemu yako itagulidwa chotani palibe amene adzabwere kudzadula gawo lake. Nkhani ya kudula gawoyi si yaing'ono. Mu September 2023 kampani ya Unity, mwini wa injini ina yotchuka, inalengeza kuti izilipiritsa opanga magemu nthawi iliyonse imene wosewera waika gemu pa makina ake. Opanga magemu anakwiya kwambiri, mkulu wa kampaniyo anachoka mwezi wotsatira, ndipo patatha chaka ganizolo linathetsedwa. Koma anthu anali ataona kuti amene wamanga pamalo a eni, eni akewo akhoza kusintha malamulo nthawi iliyonse. Komabe usathe mwezi ukuyerekeza ma injini. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankha imodzi, ukhale nayo mpaka gemu ithe.

Za kujambula, usadandaule kwambiri. Mike Bithell anapanga Thomas Was Alone, ya mu 2012, ndi timabokosi ta makona anayi basi, ndipo anthu ankatimvera chisoni timabokosito ngati anthu. Dwarf Fortress ya abale awiri, Tarn ndi Zach Adams, inatha zaka 16 kuchokera mu 2006 dziko lake lonse likuonetsedwa ndi zilembo ndi zizindikiro. Galante anachita kugula zithunzi zojambulidwa kale. Ngakhale Chris Sawyer, amene analemba RollerCoaster Tycoon ya mu 1999 pafupifupi yonse m'chilankhulo chovuta cha makompyuta chotchedwa assembly (chimene ine ndikachiona mutu umandiwawa), zojambula anapatsa Simon Foster ndipo nyimbo anapatsa Allister Brimble. Ngati ugula kapena kutenga zaulere, werenga chilolezo chake kuti udziwe ngati akulola kuzigwiritsa ntchito pa chinthu chogulitsa.

Chimodzi chokha ndikukakamiza, poti laputopuyo ndi yakale: phunzira Git, chida chosunga mbiri ya zonse zimene wasintha mu code yako, sabata yoyamba, ndipo ntchito yako izisungidwanso kwina kunja kwa makinawo. Ine hard disk inandifera usiku wina ndi ntchito ya miyezi isanu m'kati. Ndinaigogoda, ndinaiika pozizira, ndinaipempherera. Sinadzuke.

Amalume, ine si wa magemu. Ndine mayi wa ana awiri, ndipo usiku ana akagona ndakhala ndikupanga app yothandiza ochita bizinesi zazing'ono kulemba katundu amene walowa ndi amene watuluka. Ikugwira ntchito. Koma ndalama zimabwera bwanji pa zinthu zoterezi? Ndipo poti masana ndimalemba mapulogalamu pa kampani ina, kodi pangakhale vuto? — Mlonda wa Usiku

Achemwali, kalata yanu ndi imene yandisangalatsa kwambiri mwezi uno, chifukwa muli mawu awiri amene ena onse alibe: "Ikugwira ntchito."

Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa ndi limene lingakugwetseni. Katengeni kontirakiti yanu ya ntchito lero lomwe muiwerenge. Makampani ambiri a mapulogalamu amalembamo kuti chilichonse chimene mungapange muli pantchito yawo, makamaka chofanana ndi malonda awo kapena chopangidwa pa kompyuta yawo, ndi chawo. Pajitnov uja wa Tetris anaipanga ali wantchito wa bungwe la boma la sayansi ku Soviet Union. Gemuyo inafalikira dziko lonse, makampani ankalimbirana, koma iye sanalandire gawo lake mpaka mu 1996, pamene anakhazikitsa The Tetris Company pamodzi ndi Henk Rogers. Zaka zoposa 10 akungoonerera. Choncho musagwiritse ntchito laputopu ya kuntchito, ngakhale pokonza kanthu kakang'ono, ndipo ngati kontirakitiyo ikukayikitsa, pemphani kalata yosainidwa yonena kuti app imeneyi ndi yanu. Pemphani pano isanayambe kubweretsa ndalama. Ikadzayamba, mitima ya anthu idzasintha.

Tsopano ndalama. Misika yake ili ndi zipata. Google Play imalipiritsa madola 25 kamodzi kokha polembetsa, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2023 wolembetsa payekha watsopano amayenera kupeza kagulu ka anthu oyesa app yake kwa masiku 14 asanaloledwe kuitulutsa poyera. Apple imafuna madola 99 chaka chilichonse. Onse awiri amadula 15 peresenti kwa opanga ang'onoang'ono amene malonda awo sanafike madola 1 miliyoni pachaka. Kwa a magemu amene akuwerenga nawo: Steam imafuna madola 100 pa gemu iliyonse, amene imabweza gemuyo ikagulitsa madola 1,000, ndipo imadula 30 peresenti. Gemu ya madola 10 ndiye kuti kwa inu kwatsala 7, ndipo pa 7 pamenepo sitinachotse misonkho, amene agula pa mtengo wotsitsidwa, ndi amene abweza, poti wogula amaloledwa kubweza gemu pasanathe masiku 14 ngati sanaisewere maola oposa awiri. Musanamange chiyembekezo pa msika uliwonse, fufuzani kaye ngati umatha kutumiza ndalama ku banki ya m'dziko lanu. Ena amazindikira zimenezi atamaliza kale ntchito yonse.

Njira zopezera ndalama n'zingapo, ndipo iliyonse ili ndi mwini wake amene inamuyendera. Ivan Kutskir, wokhala ku Prague, anayamba Photopea ali mwana wa sukulu n'kuitulutsa mu 2013. Ndi pulogalamu yokonzera zithunzi ya pa browser imene imatsegula mafayilo a Photoshop. Ndi yaulere, ndalama zimachokera ku zotsatsa za m'mbali mwa tsamba, ndipo anthu mamiliyoni amaigwiritsa ntchito. Koma zotsatsa zimalipira pokhapokha anthu akakhala khamu. IrfanView, pulogalamu yoonera zithunzi ya Irfan Skiljan, imene ilipo kuyambira mu 1996, ndi yaulere kwa munthu wamba koma makampani amalipira. Josh Wardle anapanga gemu ya mawu yotchedwa Wordle kuti azisewera ndi mnzake wapamtima, sanaikemo zotsatsa, sanalipiritse aliyense, ndipo mu January 2022 nyuzipepala ya The New York Times inaigula pa ndalama zopitirira madola 1 miliyoni. Imeneyi musaiwerengere, ndi mvula ya pa chilimwe.

Kwa app ngati yanu, ine ndingasiye zotsatsa. Ogwiritsa ntchito anu sadzakhala mamiliyoni, koma aliyense wa iwo ali ndi vuto lenileni limene limamutayitsa ndalama. Munthu wotero amalipira kangachepe mwezi ndi mwezi ngati chinthucho chikumupulumutsa. Pezani ochita bizinesi 10, aigwiritse ntchito mwezi umodzi ulere, inu muzikhala pambali n'kumaona pamene chala chawo chikuzengereza, osawathandiza. Mwezi ukatha muwatchulire mtengo. Amene adzati "ndi yabwino kwambiri" koma osatulutsa ndalama, akupatsani ulemu chabe. Amene adzadandaule kuti mtengo wakwera koma n'kulipira, amenewo ndiwo makasitomala anu, ndipo madandaulo awo muziwalemba m'kope. Musaiwale kuti mukusunga zolemba za malonda a anthu. Foni ya kasitomala ikagwera m'madzi, zolembazo zipezeke kwina.

Amalume, ndili ndi ganizo la gemu limene palibe amene analiganizapo. Ndikuopa kuuza anthu kuti angandibere. Nditeteze bwanji? — Wachinsinsi

Mphwanga, ndikhululukire, koma ganizo lakolo alipo kale ena amene analiganiza, ndipo nawonso akulibisa. Minecraft inatengera zambiri ku gemu ya Zachary Barth yotchedwa Infiniminer, ya mu 2009 momwemo, ndipo Persson sanabise. Stardew Valley inabadwa chifukwa Barone ankakonda gemu yakale ya ulimi ya Harvest Moon. Malamulo a umwini amateteza code yako, zojambula zako, nyimbo ndi dzina, koma sateteza ganizo lakuti "gemu ya ulimi" kapena "gemu yomanga ndi mabokosi".

Kubera kulipo, sindikana. Gemu ya Threes inatengera eni ake miyezi 14, ndipo itangotuluka mu February 2014 zofanana nayo zinabuka. Ina mwa izo, 2048, imene Gabriele Cirulli wa ku Italy anapanga pa weekend imodzi ali ndi zaka 19, inatchuka kuposa yoyambayo. Koma taona nthawi imene zinachitikira: gemu itatha, itatuluka, anthu ataikonda. Palibe amene amaba ganizo la m'mutu mwa munthu amene sanapangepo kanthu. Vuto limene udzakumane nalo ndi losiyana kwambiri ndi limene ukuliopa: udzafuula kuti anthu aone gemu yako, ndipo palibe adzatembenuke. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Uza anthu, uwapatse asewere ikadali yonyansa.

Amalume, zaka zitatu zapitazo ndinapanga kapulogalamu kaulere kosinthira mafayilo, kongondithandiza ndekha, n'kukaika pa intaneti. Pano anthu ambiri akukagwiritsa ntchito. Tsiku lililonse ndimapeza mauthenga, ena olamula, ena otukwana kuti sindinakonze msanga. Palibe amandilipira. Ndatopa, koma ndikasiya ndikuona ngati ndawalakwira. — Kapolo Wosalembedwa

Achimwene, walira mvula walira matope, ndipo matope anuwa ndi amene opanga mapulogalamu aulere ambiri akuyendamo. Daniel Stenberg wa ku Sweden wakhala akusamalira curl kuyambira mu 1998. Ndi kapulogalamu kotumiza ndi kulandira zinthu pa intaneti, ndipo kali m'mafoni, m'ma TV ndi m'magalimoto mabiliyoni. Popeza adiresi yake ya imelo imaoneka pa tsamba la zilolezo la zipangizozi, amalandira makalata ochokera kwa eni magalimoto omufunsa chifukwa chake wailesi ya m'galimoto yawo yavuta. Kwa zaka pafupifupi 20 ntchitoyi ankaigwira usiku, ndipo inasanduka ntchito yake yolipidwa ya tsiku lonse mu 2019. Dong Nguyen wa ku Hanoi anafika pochotsa gemu yake ya Flappy Bird pa msika mu February 2014, pa nthawi imene inkamveka kuti ikumubweretsera madola 50,000 patsiku. Iye anati anthu ankaisewera mopitirira muyeso ndipo mtendere unamuthawa. Uyu ankalipidwa, koma anatopabe.

Kutopa kwanu musakuone ngati nkhani ya inu nokha. Pulogalamu ya xz, yofinya mafayilo, imene ili m'makompyuta ambiri a Linux, inkasamalidwa ndi munthu mmodzi wosalipidwa, amene ananena poyera kuti mphamvu zamuthera. Anthu ena anayamba kumupanikiza kuti akuchedwa, ndipo panabwera "wothandiza" waulemu amene anagwira ntchito yabwino kwa zaka pafupifupi ziwiri mpaka anapatsidwa makiyi. Mu March 2024, Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft, anadabwa kuona kuti kulowa mu kompyuta ina kukuchedwa ndi theka la sekondi. Atafufuza anapeza khomo lobisika limene wothandiza uja anaika, loti akanatha kulowera m'makompyuta osawerengeka. Ndakufotokozerani izi kuti mukadzafuna wokulandirani katundu, musapereke makiyi kwa munthu chifukwa choti wabwera pa nthawi imene mwatopa.

Ngongole kwa anthuwo mulibe. Chilolezo cha mapulogalamu ambiri aulere chimanena ndi zilembo zikuluzikulu kuti chinthucho chaperekedwa mmene chilili, popanda lonjezo lililonse. Lembani pamwamba penipeni pa tsamba la pulogalamuyo kuti mumaisamalira pa nthawi yanu yopuma, kuti mauthenga mumawerenga tsiku limodzi pa sabata, ndipo mutchule tsikulo. Muchotse zidziwitso zake pa foni. Wotukwana musamuyankhe, mutsekereni. Muikepo njira yoti ofuna kuthokoza aponyepo kangachepe, monga GitHub Sponsors kapena Patreon, ngakhale musayembekezere zambiri. Kampani ikakulemberani kuti ikufuna chakutichakuti chikonzedwe pofika Lachisanu, muiyankhe mwaulemu ndi mtengo wa ntchitoyo pa ola. Zina zidzalipira, zina zidzangoti zii, ndipo zonse ziwiri zakupepuzani. Ngati mutayesa izi kwa miyezi itatu mukuonabe kuti mtima sukufuna, lembani pa tsambalo kuti mwasiya kuisamalira, code muisiye poyera, ndipo amene akuifunitsitsa atenge kope lake apitirize pa dzina lina.